Mbale Zouluka pa Bwalo la Tonse

Achimwene anabwera nazo kuchokera ku Joni
m'chikwama chimodzi ndi jekete ndi wailesi yakufa:
mbale zitatu za pulasitiki, zosadyera, zosatungira.
Mayi anazitembenuza uku ndi uku.
"Ulendo wonsewo, kukagula zivundikiro zopanda mapoto?"

A Chadzandiyani owotcherera zitsulo kumsika
anatipangira madengu asanu, lililonse pa mwendo umodzi,
matcheni a njinga zotha akulendewera m'kati.
Tinawazika pakati pa mitengo ya paini
kunsi kwa phiri la Dedza, komwe nkhungu ya Juni
imachedwa kutsanzika ngati mlendo wosowa yokwerera.

Lamulo lake n'lachidule:
ponya, londola, ponyanso
mpaka tcheni lilire.
Woponya kochepa ndiye wapambana.

Koma bwaloli si lathu tokha.
Pa dengu loyamba pali anyamata a mpira wachikulunga,
golo lawo ndi nsapato ziwiri.
Pa lachiwiri kwaya ya amayi ikubwereza mzere umodzi
kachisanu ndi chitatu, alto akuthawabe.
Kuseri kwa lachitatu wophunzira wa Fomu Folo
akuloweza mafupa a munthu, maso ali tseke,
ndipo mbuzi ya winawake, chingwe chili m'khosi,
yasankha kugona penipeni pa njira ya mbale yanga.

Ndiye timadikira.
Mbale kukhwapa, zala zitauma ndi chisanu,
timadikira wakabaza adutse ndi thumba la kachewere,
timadikira awiri aja amalize kukangana motsitsa mawu.
Achimwene akuti kumene anaphunzira kulibe zoterezi,
munthu umangoponya.
Ine ndikuti mwina n'chifukwa chake anabwerako
osadziwa dzina la woyandikana naye nyumba.

Loweruka lija mwera unadzuka ndi ukali.
Ndinafuula kuti "Mutuuu!" mbale itachoka kale.
Inakwera, inapendekeka, inasintha maganizo,
n'kukatera m'beseni la Mayi Nasibeko,
mbatata zowiritsa n'kumwazika pa udzu,
tsabola ndi mchere zonse pansi.

Sanakalipe. Anandiwerengetsa.
Khumi ndi imodzi, ndinatola ndekha, ndinalipira ndekha.
Kenaka anapukuta mbale ija ndi chitenje,
n'kufunsa, "Imafunika ikafike kuti?"
Ndinaloza dengu lachinayi, kuseri kwa chitsa,
mtunda umene ine ndimauduladula katatu.

Anadikira. Anayang'ana nsonga za paini, osati dengu.
Mphepo itapuma pang'ono kumeza mate
anangoti fyuu, kuchokera m'chiuno,
mwana ali kumbuyo osadzuka n'komwe.
Mbale inazungulira chitsa ngati ikudziwa kwawo.
Sinalowe. Inagunda tcheni, ngwee, n'kugwera panja,
koma kwaya inasiya mzere uja pakati
ndipo wa mafupa uja anatsegula maso.

"Inu mumalimbana nayo mphepo," anatero.
"Ine nyemba ndapeta zaka makumi awiri pa mtunda uno.
Imeneyi sumaiuza zochita, umaifunsa."

Tsopano pa lisiti la madzi pomwe timalemba zigoli
pali mayina anayi: achimwene, ine, Zaithwa wa mafupa,
ndi N., amene amaponya pokhapokha makasitomala akachepa.
Dengu lachiwiri amayi a kwaya amayanikapo mipango.
Lachisanu wina anazula tcheni limodzi,
mwina njinga yake inalifuna kuposa ife.
Sitinakadandaule kwa aliyense.

Dzulo ndinafika m'mamawa, nkhungu isanatsanzike.
Bwalo lonse mbee, palibe mpira, palibe nyimbo,
ngakhale mbuzi ija inali isanamasulidwe.
Ndinaponya osadikira munthu,
madengu onse asanu m'maponyedwe khumi ndi anayi,
chinthu chimene sindinachitepo chiyambire.
Tcheni linalira, palibe anatembenuka.
Ndinakhala pa chitsa, manja m'thumba,
kudikira beseni lija litulukire pa msewu wa kuchipatala.