Pachigayo cha ku Jali

Chigayo chimandiuza zonse wailesi isananene.
Chaka chabwino chimalira mpaka nkhuku zitalowa,
ine mutu uli mbuu ngati wa nkhalamba.
Chaka chino ndimazimitsa injini dzuwa lili paliwombo.

Mvula inatinamiza masabata awiri,
kenaka ng'amba.
Chimanga chinamasula ngayaye chili m'mawondo,
masamba atapotana ngati chingwe cha mbuzi,
ntchemberezandonda zikudya mumtima.

Abiti Sumani ankabwera ndi matumba atatu pakabaza.
Dzulo anafika ndi kabeseni
atakavundikira chitenje kuti anthu asaone.
Anati, "Usakonole mwanawe, ungogaya mgaiwa,
madeya omwewo ndi chakudya."
Ndinagogoda chitsulo kawiri, katatu,
kuti kafumbi kokakamira kagwere mwawo.

Mavenda afika nacho cha ku Mozambiki,
ndowa yawo yofinyidwa kunsi,
mtengo wam'mawa si wamasana.
Chilwa nayo yathawa, yasiya mabwato pamatope ong'aluka.

Madzulo ndimasesa pansi pa makina.
Kale zosesazo zinali za nkhumba za a Likaka.
Tsopano ndimapeta, kuchotsa timiyala,
nkuthira m'thumba la jekete.
Febuluwale akadali kutali.