Beseni la Machubu

Ku Kapata, kuseri kwa msika, ndimakonza njinga.
Zaka makumi atatu manja anga ali m'girisi.
Nyanja yamchere sindinaionepo.
Madzi ambiri omwe ndimadziwa ndi a damu la Lutembwe,
ndi awa a m'beseni momwe ndimamiza machubu
posaka pamene mpweya ukuthawira.

Langiwe, mwana wanga wachitatu, wabwera patchuthi
ndi kompyuta yong'aluka pakona.
Kunyumba magetsi anapita dzulo madzulo,
ndiye wakhala pa kreti muno m'shopu,
waya wake ukuyamwa batire yanga ya sola.

Akuti akupanga chivomezi.
Ndati, iwe, kuno mavuto alipo kale okwanira.
Waseka, watembenuza galasi kuti ndione.

Nyanja waiduladula timabokosi
tating'ono ngati maso a sefa.
Pamwamba madzi, pansi pake matope,
pansi pa matopewo thanthwe lomwe silidziwa dzuwa.
Kabokosi kalikonse kali ndi manambala ake:
kulemera, kulimba,
ndi changu chomwe kamauzira mnzake zomwe kamva.
Wadina batani.
Pansi penipeni pathetheka kadontho kofiira.

Funde loyamba lathamanga m'mwala,
kukankha, kukoka, ngati pampu yanga.
Lachiwiri likutsatira, likuyepa cham'mbali
ngati limu yopindika.
Lafika pomwe mwala wathera, madzi ayambira,
basi lakanika.
Madzi sapotoleka, atate, watero,
alibe msana.
Chomwe chakwera m'mwambamo ndi kulira kokha,
ndipo kukuyenda mwa phee pakati pa madzi
ngati munthu wokankha makala pachitunda cha Kanjala,
wochedwa, koma sapuma mpaka kutsidya.

Matope ndiwo andidabwitsa.
Thanthwe latonthola kale,
iwo akunjenjemerabe,
monga amachitira munthu maliro atatha.

Kenako galasi lonse lachita mawangamawanga,
manambala apenga, nyanja yaphulika.
Wagwira kumutu.
Ndalumphitsa nthawi, akutero,
phazi lakula kuposa kabokosi.
Zimenezo ndazimva.
Tcheni ukachikakamiza chimadumpha mano,
ndiye umabwerera, umayamba dzino limodzi limodzi.

Wachepetsa phazi.
Tsopano chivomezi cha mphindi khumi
chifuna maola asanu ndi limodzi.
Batire yanga, ikalimba mtima, anayi.
Ndazula mafoni awiri a anthu,
ndazimitsa wailesi mpira uli pakati.
Sanaone. Maso ake ali pansi pa nyanja.

Masana lole ya simenti yadutsa, ya ku Mwami.
Tisanaimve m'makutu ndaimva m'mapazi.
Masipanala pa msomali agundana, ngwe, ngwe,
ndipo madzi a m'beseni achita makwinya,
timizere tochoka m'mphepete, kukumana pakati,
kubwereranso.
Dothi lauza chitsulo, chitsulo chauza madzi.

Tayang'ana tonse awiri.
Iye sanalankhule, inenso ayi.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikuona zimenezi
ndikumati ndi madzi akuda chabe
ofunika kutaya Loweruka.

Ndafunsa kuti zikatha, zithandiza ndani.
Akuti kuli anthu amagona mphepete mwa nyanja,
amene mphindi zisanu kwa iwo ndi moyo.
Sawadziwa mayina. Chinenero chawo sachimva.
Ndaganiza za mabuleki omwe ndimamanga m'mawa
osadziwa mwana amene adzadumphe msewu madzulo.

A Daka akufuna njinga yawo isanakwane folo.
Ndamiza chubu.
Tithovu takwera pafupi ndi valuvu, kamodzi kamodzi.
Kumbuyo kwanga kafani ka kompyuta kakuwefuka,
dzuwa lapendeka pa sola,
funde lija likadali pakati pa ulendo,
ndipo ndadzipeza ndikuyenda monyang'ama m'shopu mwanga momwe
kuopa kugwedeza nyanja ya mwana.