Pa Pepala Pokha

Mphepo ya ku Punta Arenas sigogoda,
imangokankha.
Lolemba m'mawa inakankha zenera la kalasi yanga
n'kumwaza mapepala a mayeso pansi pa madesiki,
makumi atatu ndi awiri, onse okhoza.

Funso linali lakuti:
chinthu chikayamba kuyenda, popanda chochiletsa, chimatani?
Onse analemba kuti chimapitirirabe mpaka kalekale.
Ndinachonga, ndinachonga,
mpaka cholembera chofiira chinauma kukhosi.

Kenaka ndinachita chimene mphunzitsi wochenjera sachita.
Ndinati: tsekani makope.
Zimene mwalembazi mumazikhulupirira?

Zii.
Panja mbendera ikukuphiza ngati ikufuna kuthawa mtengo wake.

Ximena Vukasovic wa mpando wakumbuyo,
amene amafika manja akununkha nkhanu za kudoko,
anati: Aphunzitsi, pa pepala ndimakhulupirira.
Koma bambo anga amakankha ngolo ya madzi oundana
kuyambira mbandakucha.
Akasiya, ngolo imaima.
Silinafikepo tsiku loti ngolo ipite yokha kumsika
iwo n'kutsala akumwa khofi.

Anaseka onse. Nanenso, pang'ono.
Ndinajambula mivi pa bolodi:
uwu ndi mkono wa bambo ako,
uwu ndi kukhulana kwa tayala ndi msewu.
Anagwedeza mutu mwaulemu chabe,
mmene umavomerera mlendo
akamakulondolera njira ya kwanu.

Eliseo anakweza dzanja.
Nanga zija munati kuzizira kulibe,
kuti kutentha ndiko kumathawa?
Mubwere kwathu usiku wa mu Julayi,
mudzaime pafupi ndi chitseko osavala sokosi,
chikakulumani akakolo
mudzandiuze kuti palibe chalowa.

Wina kumbali kwa zenera anawonjezera:
zoti nyundo ndi nthenga zimagwa limodzi
mwina ndi za kumwezi.
Kuno mukataya nthenga
mukaitole ku Argentina.

Pamenepo ndinaona.
Fizikisi yanga amaivala ngati yunifomu,
yochapa, yosita, mabatani onse otseka,
belu likalira amaivula
n'kuvala juzi yakale imene imadziwa thupi lawo.
Ndipo juziyo sinawanamizepo.
Ndiinyoze bwanji ine wa choko m'manja?

Chisanu chitafika pachimake
dziwe la kuseri kwa bwalo la mpira linaundana gwa.
Ndinawatulutsa popanda makope,
mphuno zili psuu, mpweya ukufuka m'kamwa.
Tsikulo mphepo inali itagona, zosachitikachitika.
Baltasar anatola mwala wafulati,
anauika pamadzi oumawo
n'kuukankha kamodzi ndi nsonga ya nsapato.

Unapita.
Unadutsa botolo limene linagwidwa mu ayezi,
unadutsa chithunzithunzi cha mtengo wopindika ndi mphepo,
palibe mkono, palibe bambo wa munthu kumbuyo kwake,
ukungosereleka,
kamawu kake kakucheperachepera,
ana makumi atatu ndi awiri atayiwala kuphethira.

Kutsidya, pafupi ndi udzu wouma, unaima.

Waima, anatero Ximena.
Inde, ndinayankha.
Anakhala chete, manja m'khwapa.
Koma wachedwa kuima.

Sanandiyang'ane.
Anawerama kusakasaka mwala wina,
wosalala kuposa woyamba,
anaupukuta pa siketi, anaupukutanso.
Sindinafunse ngati tsopano akukhulupirira.
Belu linalira ndipo sanalimve.

Madzulo ndinafika kunyumba mapazi atafa dzanzi.
Ndinayatsa mbaula, ndinatereka madzi,
m'mutu ndikukonza kale phunziro la Lachinayi
la mmene kutentha kumachokera kumene kwachuluka
kupita kumene kwachepa, osati mwina ayi.
Mwana wanga Amparo analowa akuthamanga ndi galu,
chitseko anachisiya pululu.
Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka:
Iwe, tseka chitseko, kuzizira kukulowa!

Anatseka.
Ine ndinatsala chilili, supuni m'manja,
akakolo akundiluma.