Ndime Yachisanu ndi Chinayi

Geti la ku Southerton limatsegulidwa sikisi koloko,
koma malole amafika usiku,
madalaivala nkugona pa makatoni, pansi pa matayala.
Ine ndine wogula. Patebulo panga pali chidindo,
chitsulo chobayira matumba,
ndi kamakina koyeza chinyezi, kopanda chibale.

Timapanga chiponde. Botolo limodzi, eni ake ambiri:
wamchere, wazivindikiro wa ku Msasa,
wosindikiza timapepala amene anatilembera chaka cholakwika,
mnyamata wopopera mphemvu Loweruka,
aliyense ndi pangano lake mufayilo,
masamba khumi ndi awiri, siginecha pansi pa tsamba lililonse.

Mayi Gwatidzo a ku Mutoko anasaina chaka chino.
Anawerenga ndi chala, mzere ndi mzere,
nandifunsa za masiku makumi atatu.
Ndinati: mukatula katundu, ndalama imabwera wapansi, mwezi wathunthu.
Anaseka. Anati ngakhale nkhuku imaswa msanga kuposa apo.

Lachiwiri anafika ndi matumba makumi asanu ndi atatu,
thukuta la azimayi khumi ndi anayi,
lole yobwereka, dizilo wangongole.
Ndinabaya thumba lapamwamba, lapakati, lapansi penipeni.
Kamakina kanati leveni.
Pangano limati eyiti. Ndime yachisanu ndi chinayi.
Kupyola apo chuku chimamera mumdima,
sichimveka palilime, chimakagona m'chiwindi
cha mwana wopaka chiponde pabuledi ku Mabvuku,
kumene wanga amapakanso.

Ndinati sindilandira.
Sanakuwe. Analuma njere imodzi,
namva okha kuti siikulira.
Kumbuyo kwawo lole ya kampani yaikulu inkaliza hutala,
mtedza wake wouma gwa,
eni ake aja oiwala envelopu pampando wanga Khirisimasi ikayandikira.
Ndinabweza kawiri. Kachitatu dzanja linachedwa,
koma ndinabweza.

Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata,
anasenza matumba ku Workington mpaka msana unapindika,
akuwerengedwa ndi anthu osawayang'ana kumaso.
Lero wowerenga ndine,
ndipo maso anga anali pa kamakina.

Kuseri kwa nyumba yosungira katundu kuli simenti,
pamene kale pankaima mabasi a antchito.
Ndinatsegula fayilo, tsamba ndi tsamba.
Pangano silitchula simenti.
Silikaniza dzuwa.
Abwana, a Nhamburo, anayang'ana kalendala osati ine:
"Kaduya, pofika Lachisanu ndione pabwalo poyera."

Masiku atatu mtedza unagona pa matenti,
mayiwo akuvundula ndi thabwa,
akuingitsa nkhunda ndi chitenje,
usiku kugona m'lole, foni ikulira:
a kumudzi akufunsa ngati zatheka.
Lachinayi mtambo unadetsa kumtunda kwa Kopje.
Alonda awiri anasiya geti nkuthamanga kudzakunga tenti,
ndi ine pambuyo, tayi paphewa.
Inangowaza. Inapita ku Mbare.

Lachisanu kamakina kanati seveni ndi theka.
Sikelo inati matumba atatu mulibe.
Sanabedwe. Anakwera kumwamba, anali madzi,
ndipo pangano limalipira zotsala.
Dalaivala nayenso anawonjezera zake za masiku atatu.

Anasaina osanjenjemera.
Anawerenga pazala masiku makumi atatu,
nandifunsa: kuyambira Lachiwiri?
Ndinati ayi, kuyambira lero.
Anagwedeza mutu, ngati wouzidwa mtengo wa bokosi.

Asanakwere anandithira njere zisanu m'dzanja.
Pali ndime inanso, yoletsa mphatso,
ndinaitayipa ndekha chaka chatha.
Ndinaluma imodzi. Inalira, khwa!
Zinayi ndinaika m'thumba la malaya,
nkulemba m'buku kuti ndinali kuyeza.