Mwala wa Mkulu Kwong

Anabwera usiku ndi nyundo,
anyamata ogulitsa zitsulo ku Magaba,
nazula mpanda, naswa mwala pakati.
Dzina lake linagwa chafufumimba m'matope.

Akuti kwawo analembera mfumu
kuti atsikana aleke kumangidwa mapazi.
Anathawa lupanga lili pakhosi,
nadzafera kuno ku Harare, akusoka nsapato.

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikumulambulira udzu,
ine Chikaonda wa ku Dedza,
mlendo mnzake.

Lero kwafika mdzukulutuvi wake
ndi lubani ndi malalanje atatu.
Simenti tagula ku Mbare.
Zilembo zawo sindizidziwa,
chidutswa chimodzi ndachimata mozondotsa.
Waseka, kenako walira.
"Chisiyeni choncho, madala."

Maluwa a jakaranda
akugwera pa simenti yaiwisi,
sitikuwachotsa.