Mbedza Imadziwa Inde ndi Ayi

Ndimakwera kusanache,
masitepe zana ndi makumi anayi,
chitsulo chikuluma zikhato ngakhale ndavala magolovesi.
Pansi apo mzinda wa Almaty ukadali m'bulangete la utsi,
mapiri okha ndiwo adzuka, atavala zoyera mpaka m'khosi.

M'kachipinda ka kireni mulibe malo a anthu awiri.
Muli ine, fulasiki ya tiyi wamkaka,
ndi mawu a Yerbolat pa wailesi:
Zauresh, kumanzere pang'ono. Tsitsa. Tsitsa. Gwira pomwepo.
Nkhope yake ndinaiwala kale.
Ndimadziwa chisoti chake chachikasu
ndi mmene amatukwanira konkire akachedwa.

Pano panali pokonzera mabasi amagetsi.
Bambo anga ankafika kunyumba akununkha girizi wa malo ano.
Lero pakumera nyumba ya maphunziro a zamankhwala,
nsanjika zisanu ndi zitatu, akutero mapulani,
zitsulo zolukanalukana ngati dengu
poti nthaka ya kuno siichenjeza ikafuna kutembenuka kutulo.
Usiku konkire timamufunditsa ngati khanda
kuti chisanu chisamuswe asanakhwime.

Kutsidya kwa mpanda wa malata kuli nyumba yakale ya yunivesite,
makoma osuluka, mazenera ataliatali.
Lachitatu kuchokera kumapeto, pansanjika yachinayi,
ndi langa, ngakhale palibe anandipatsa.
Mmenemo bambo wina wadazi amadzaza bolodi ndi manambala,
kufufuta ndi mkono wa jekete, kuyambanso.
Ndikamadikira lole ndimakopera kuseri kwa buku la ntchito
zilembo zimene sindidziwa kuzitchula.

Tsiku lina mtsikana wa mpango wobiriwira
anamata pepala pagalasi, zilembo zikuluzikulu:
KUMENEKO SIKUZIZIRA?
Ndinasuzumira pansi, Yerbolat akusuta kuseri kwa mulu wa mchenga,
ndiye ndinatsitsa mbedza kawiri, ngati munthu wovomera ndi mutu.
Kalasi yonse inakhamukira pazenera.
Wadazi uja anaima kakasi, choko chili m'manja,
kenako nayenso anakweza dzanja.

Kuchokera pamenepo mapepala sanathe.
MAYESO MAWA.
THEKA LA IFE TALEPHERA.
DZINA LANU NDANI?
Limeneli mbedza inalibe nalo yankho,
imadziwa inde ndi ayi basi.

Koma khoma limakwera, ndipo wolikweza ndine.
Nsanjika yachitatu inameza zitseko zawo,
yachinayi inafika pachibwano cha zenera lija.
Mitengo ya maapozi itayamba maluwa m'mbali mwa msewu
ndinanyamula chipupa cha matani awiri,
Yerbolat akuti tsitsa, tsitsa,
ndipo ndinachikhazika bwinobwino, osaphonya ndi chala chomwe,
pakati pa ine ndi pepala limene ndinali ndisanamalize kuwerenga.

Linayamba ndi mawu akuti
TIKADZALOWA M'NYUMBA YANUYO

Mwezi wamawa abwera kudzamasula kireni chidutswachidutswa,
ipite kudera lina kumene akufuna poimika magalimoto.
Tsiku lodula riboni ndidzakhala ndili kumeneko,
m'mwamba mwina, ndi fulasiki yomweyi.

Koma dzulo, a pulasitala asanafike,
ndinatsika masitepe onse aja, mawondo akudandaula,
ndinalowa m'chipinda chachikulu chopanda mipando,
chonunkha simenti yaiwisi,
chifuwa changa chikundibwerera kuchokera kudenga.
Ndinayesa ndi maso pamene adzapachike bolodi.
Pamenepo, ndi choko cha akalipentala
chimene ndinatola pansi, ndinalemba:

Zauresh.
Inde, kumazizira.