Galu Ndiye Chitupa

Zaka zisanu ndi chimodzi Buluno wakhala akundikoka
m'misewu ya ku Namiwawa,
Michiru akadafunda nkhungu.
Iye patsogolo, lilime panja,
ine pambuyo, nditagwira chingwe chachikopa
chodula kuposa nsapato zanga.
Galimoto ya polisi ikatipeza imachepetsa liwiro,
Sajeni n'kukweza dzanja: "Mwadzuka?"
Ndinkayesa moniyo ndi wanga.

Lachiwiri lija Buluno anagona kwa dokotala wa ziweto,
fupa la nkhuku litam'tsamwa.
Ndinachoka ku Chilomoni nthawi yomweyo,
msewu womwewo, malaya omwewo,
m'manja muli kajumbo ka mbatata yophika.

"Iwe! Ukufunanji kuno?"

Kuno.
Kuno kumene kapinga ndinadzala ndine,
kumene agalu a mipanda yonse amadziwa fungo langa.
Ndinatulutsa chitupa cha unzika, nkhope yanga ili pomwepo.
Sanachiyang'ane n'komwe.
Nditanjuta m'mphepete mwa ngalande
panadutsa mzungu akuthamanga, kabudula wopanda thumba,
wopanda chitupa, wopanda galu.
Sajeni anam'patukira: "Dutsani bwana, pepani."
Khungu lina ndi chitupa chosatha ntchito.

M'chitokosi tinalimo khumi ndi anayi,
ndowa imodzi pakona.
Saizi wa ku Mbayani anam'tola akuchokera ku Gulupu
kokasiya phala kwa amayi ake,
kontena akadali nayo.
A Mkwanda ogulitsa zitumbuwa pa Wenela anati,
"Bambo anga anakwapulidwa m'tauni muno
chifukwa chosavulira mzungu chipewa.
Ife chipewa tavala,
koma khosi likadali chiweramire."
Wina anati, vakabu inathetsedwa kukhothi lalikulu,
ndinamva ndekha pawailesi.
Tinaseka mpaka kutsokomola.
M'galimoto muja mulibe wailesi.

Chimene chikundidya si mbama ija ayi.
Sajeniyo ndi wakuda ngati ine,
lilime lake ndi la ku Thyolo, kwawo kwa amayi anga,
mwina agogo athu anathyola tiyi mzere umodzi.
Anam'bwereka ndani maso amenewa,
oona mbava pa ine, mlendo wolemekezeka pa uja?
Eni maso anapita kale,
iye sanabweze.

Masana adona anaimba foni.
Imodzi. Kubwera sanabwere.
Loko anatseguka ngati wapakidwa mafuta.
"Bwanji sunanene kuti ndiwe wa kwa adona?"
Ndinanena kuti ndine Fanuel Likaka.
"Dzina lako tipange nalo chiyani?"
Anandibwezera lamba ndi zingwe za nsapato.
Mbatata anadya.

Pakhoma analemba zilembo zikuluzikulu kuti belo ndi yaulere.
Pansi pa zilembozo mkazi wa a Mkwanda
ankamasula mfundo ya chitenje,
kuwerenga, kubwerezanso kuwerenga,
osakwana.
Ndinam'dutsa ndikuyang'ana pansi
ngati amene ndaba ndine.

Adona ndi munthu wabwino, ndisaname.
Misozi inalengeza, anatukwana apolisi m'Chizungu,
anandithirira tiyi wamkaka, shuga masipuni atatu,
m'kapu yanga ija
yomwe imakhala pazenera, kunja.

Buluno wachira.
M'mawa uno tadutsanso pangalande paja,
galimoto yachepetsa liwiro,
Sajeni wakweza dzanja: "Mwadzuka?"
Ine phee,
ndayang'ana galu, kudikira kuti ayankhe mwini moni.

Mwana wanga Dalitso wapeza ntchito ku Makata,
azituluka usiku, aziyenda wapansi.
Dzulo anandifunsa chomwe azinyamula
kuti asamam'vutitse panjira.
Ndinati chitupa, ndinati kalata ya kuntchito,
ndinati uziyankha mwaulemu, manja poonekera,
usathamange ngakhale mvula ikupeze.
Anagwedeza mutu, akudikira china.
Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana kukhomo.
Galu woti ndim'patse ndilibe.